Ana athu akudziwa Lakers, koma sukulu zathu zilibe tsiku lawolawo la mpira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa mkangano umene sukutha pakati pa anyamata okonda masewera a ku America kuno ku Chipata. Kometera tsitsi, pamene a njinga amadikirira makasitomala, ngakhale panja pa tchalitchi mapemphero akatha, nkhani ndi yomweyomweyo: katswiri weniweni wa basketball ndi Michael Jordan kapena LeBron James, nanga Dallas inaganiza bwanji potaya Luka Dončić. Ine ndine bambo wachikulire wa ku Kapata ndipo basketball ndinayamba kuikonda kalekale. Koma ndikuona kuti pa zinthu zimene America imationetsa pa TV, ife tagwira chimene sichingatimangire kanthu kuno kwathu, n'kusiya chimene chikanatithandiza. Chimene tasiyacho ndi kulimbana kwa sukulu ndi sukulu inzake, chaka ndi chaka, kumene iwo anakufikitsa pachimake mu mpira wawo wa m'makoleji.

Ndiyambe ndawayankha anyamatawo, angamati mdala akuzemba funso. Kwa ine ndi Jordan. Anafika mu fainolo ya NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, ka 6 ndi Chicago Bulls, 1991 mpaka 1993 ndiponso 1996 mpaka 1998, ndipo ulendo uliwonse anabwerako ndi chikho. A mbali ya LeBron sindiwanyoza, mfundo ali nazo: zikho 4 ndi matimu atatu osiyana, ndipo mu February 2023 anadutsa mapointi 38,387 a Kareem Abdul-Jabbar amene ambiri ankati palibe adzawafike. Kusewera pamlingo umenewo mpaka kupitirira zaka 40 si zocheza ayi. Komabe amene ali pamtima panga ndi Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos amene anayamba ali goloboyi wa mpira wathu womwewu wamiyendo. Mu 1984 Houston inamusankha woyamba penipeni, Jordan n'kukhala wachitatu, ndipo anaibweretsera zikho mu 1994 ndi 1995. Mukamaonera mavidiyo ake akale muziyang'ana mapazi, osati manja. Mapazi amenewo anawaphunzitsa ndi mpira wamiyendo. Ndimavulanso chipewa kwa Dikembe Mutombo wa ku Kinshasa, amene anatisiya mu September 2024, chifukwa cha chipatala chimene anamanga kwawo n'kuchipatsa dzina la mayi ake.

Ntchito yanga ndi yowotcherera. Mageti, mafelemu a zitseko, mbaula ndi ngolo za ng'ombe ndizo zimandidyetsa. Tsiku lina anabwera ana a m'komboni mwathu, anyamata ndi atsikana, atafumbata tindalama topindikapindika timene anasonkherana, kuti ndiwapangire ringi. Miyeso anali atafufuza kale pa foni: mkombero ukhale wa masentimita 45 m'kati, ndipo utalikirane ndi nthaka mamita 3.05. Ndinatenga chitsulo cha Y12 chotsala pa ntchito ya geti, ndinachipinda mozunguliza limu yakale ya galimoto, kenako ndinawotchererapo timbedza 12 tokolekera neti. Bolodi tinadula ku chitseko chakale. Neti analuka ndi chingwe cha nayiloni mtsikana wina wa Giredi 9, atakhala pa ndowa panja pa shopu, chingwe china ataluma ndi mano. Mpira wawo unali utatha timatuza tonse, woterera ukangogwidwa ndi thukuta. Bwalo ndi dothi losesedwa, mizere amalemba ndi phulusa. Koma ana amenewo akayamba kusewera dzuwa likapendeka, sasiya mpaka mdima utabisa ringi. Tindalama tawo ndinawabwezera kuti akagulire pampu.

Ndiye musandimve ngati wodana ndi basketball. Chimene chimandivuta ndi china. Mmodzi wa anyamatawo ankavala jezi ya Cleveland ya nambala 23 imene anaipeza pa salaula mu msika wa Kapata. Patapita nthawi ndinamuona ndi yachikasu ya Lakers. Nditamufunsa kuti kodi timu yake ndi iti, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Bambo, ine ndine wa LeBron. Kumene wapita, nanenso ndapita." Ananena zoona zake. LeBron anayamba ku Cleveland mu 2003, anapita ku Miami mu 2010, anabwerera ku Cleveland mu 2014, n'kusamukira ku Los Angeles mu 2018, ndipo ochemerera ake anayenda naye ulendo wonsewo. Mnyamatayo sindimuimba mlandu. NBA inamangidwa choncho. Ndi bizinesi ya matimu 30 imene imagulitsa nkhope za akatswiri, ndipo ife amene tili kutali timagula nkhopezo, mzinda sitiudziwa n'komwe.

Koma onani zimene bizinesiyo imawachita anthu amene amakonda mzinda wawo. Mu June 2024 Luka anafikitsa Dallas mu fainolo. Mu February 2025, usiku anthu akugona, anamusinthanitsa ndi Anthony Davis wa Lakers, iye mwini osadziwa kanthu, ali ndi zaka 25 zokha. Ochemerera a ku Dallas ananyamula bokosi la maliro n'kukaliika panja pa bwalo lawo. Anyamata athu anaseka poona chithunzicho, koma ine chinandimvetsa chisoni, chifukwa ndinaona anthu amene anapereka mtima wawo wonse n'kuzindikira kuti alibe mawu pa timu imene amaitcha yawo. A ku Seattle zinawaonekera zoposa pamenepo. SuperSonics inakhala mumzinda wawo kuyambira 1967, inatenga chikho mu 1979, koma mu 2008 eni ake anainyamula yonse n'kupita nayo ku Oklahoma City, kumene anaitcha Thunder. Pamene Thunder inapambana chikho mu 2025, nkhalamba za ku Seattle zinangoonerera pa TV ngati mmene tinaonerera ife. Ndikudziwa kuti alipo okhulupirika. Dirk Nowitzki anakhala ku Dallas zaka 21, Tim Duncan ku San Antonio zaka 19, Stephen Curry ali ku Golden State kuyambira 2009. Koma timawatchula mayina chifukwa choti ndi owerengeka.

Mpira wa m'makoleji ndinaudziwira kwa mwana wa mlongo wanga amene anapita kukaphunzira ku Columbus, m'chigawo cha Ohio. Masewerawo pawokha sindinganene kuti amandikoka ngati basketball. Ndi aja a mpira wosongoka mbali ziwiri, osewera 11 mbali iliyonse atavala zisoti, timu ikupatsidwa mipata inayi kuti iyende mayadi 10, ndipo ikafikitsa mpira kumapeto kwa bwalo imapeza mapointi 6. Amaimaima kwambiri. Chimene chinandigwira mtima ndi anthu ozungulira bwalolo.

Chakumapeto kwa November, mwanayu ananditumizira zithunzi za pa yunivesite ya Ohio State. Zikwangwani za m'misewu, za pa nyumba zophunziriramo, zonse zinali zitamatidwa tepi yofiira pa chilembo chilichonse cha M. Ngakhale uthenga wake umene, mawu oti amalume anawalemba ataika X pamene pamayenera kukhala M. Nditafunsa kuti kwagwanji, anati ndi sabata ya Michigan, ndipo sabata imeneyo chilembo choyamba cha dzina la adaniwo sichiloledwa. Kochi wawo wakale Woody Hayes, amene anaphunzitsa timuyo kuyambira 1951 mpaka 1978, sankafuna n'komwe kutchula dzinalo, ankangoti timu ya kumpoto ija, ndipo mpaka lero anthu a ku Columbus amatero.

Sukulu ziwirizi zinakumana koyamba mu 1897. Kuyambira 1918 zinkakumana chaka chilichonse osadumphitsa, mpaka Covid inasokoneza mu 2020. Zili motalikirana pafupifupi makilomita 300, ndipo zigawo zawo zinakanganiranapo malire a mzinda wa Toledo m'zaka za 1835 ndi 1836, mpira usanayambe n'komwe. Bwalo la Michigan ku Ann Arbor limalowa anthu 107,601, kuposa Levy Mwanawasa ya ku Ndola kuwirikiza kawiri, ndipo ndi bwalo la sukulu, osati la boma kapena la kampani ya migodi. Ku Ohio State, wosewera aliyense amene wagonjetsa Michigan amapatsidwa kathalauza kakang'ono kagolide kolembedwa zigoli za tsikulo. Mwambowu unayamba mu 1934, pamene kochi Francis Schmidt analimbitsa mtima anyamata ake powauza kuti a Michigan nawonso amavala thalauza mwendo umodziumodzi ngati wina aliyense. Kochi John Cooper anapambana masewera oposa 100 pakati pa 1988 ndi 2000, koma Michigan anaigonjetsa kawiri kokha pa maulendo 13, ndipo ndi zimenezo anthu amamukumbukira nazo. Ryan Day anagonja kwa Michigan zaka zinayi zotsatizana, 2021 mpaka 2024. Mu January 2025 anatenga chikho cha makoleji a m'America yonse atagonjetsa Notre Dame, koma mwana wa mlongo wanga anandiuza kuti ena mwa anzake chisangalalo chawo chinali choperewerabe chifukwa chogonja 13–10 kwa Michigan pakhomo pawo mu November.

Masewera amenewa amayamba 12 koloko masana kwawoko, kuno ikakhala 7 koloko madzulo, choncho munthu amatha kuonera n'kukagona nthawi yabwino. Fainolo ya NBA imatipeza cha m'ma 2 kapena 3 koloko mbandakucha, ndipo ana asukulu amene amaichezera amakasinza m'kalasi.

Chinsinsi chake n'chosavuta. Wosewera wa pakoleji amakhalapo zaka zochepa, zinayi kapena zisanu, n'kupita. Sungamange moyo wako pa iye. Chimene chimatsala ndi sukulu, mitundu ya jezi, nyimbo, tsiku, ndi mnzako wolimbana naye. Agogo, bambo ndi mdzukulu amakhala pa benchi imodzi, aliyense ali ndi chaka chake chimene amachikumbukira. Sukulu sainyamula kupita nayo mumzinda wina. Ku Dallas komweko, Texas ndi Oklahoma zimakumana mu October pa bwalo la Cotton Bowl nthawi ya chionetsero cha chigawocho, ndipo mipando amaigawa pakati penipeni, theka lofiira, theka la olenji.

Ife a Kum'mawa zimenezi siziyenera kutivuta kumvetsa, chifukwa tili ndi chimbuya. Mbemba akandipeza pa shopu amayamba ndi kundinena za mbewa, ine n'kumubwezera za anyani, tinyozane mpaka odutsa aime. Koma kukagwa maliro kwathu, ndi iyeyo amene amayamba kufika, kutola nkhuni, kutithira ufa kumutu, kuseketsa ofedwa kuti mtima utsike. Anthu amene makolo awo anamenyana ndi mikondo anasandutsa nkhondoyo chibale. Kulimbana kwabwino kwa sukulu kumafanana ndi zimenezo: mnzakoyo umamufuna, chifukwa popanda iye tsikulo kulibe.

Kumene chibalecho chasowa, pamatsala udani weniweni, ndipo sindibisa kuti ku America uliponso. Alabama ndi Auburn zinayamba kukumana mu 1893, koma zitakangana pa ndalama zolipirira osewera paulendo ndiponso pa oyimbira, zinasiya mu 1907 mpaka 1948. Ku Auburn kuli malo otchedwa Toomer's Corner pamene panali mitengo iwiri ikuluikulu, ndipo timu ikapambana anthu ankapita kukaiponyera mapepala a kuchimbudzi mpaka iyere mbuu. Mu 2010 Auburn inali kumbuyo 24–0 koma inapambana 28–27. Bambo wina wamkulu, wochemerera Alabama, anapita kukathira mankhwala ophera zomera pa mizu ya mitengoyo, kenako n'kuimba foni pa wailesi kudzitama. Anamangidwa, koma mitengo sinachire, anaidula mu 2013. Nkhaniyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa mtengo sunalakwire munthu. Komabe pali mbali ina imene anthu saitchula kawirikawiri. Ochemerera ena a Alabama anasonkha ndalama zoyesera kupulumutsa mitengoyo. Ndipo mu April 2011, chimphepo choopsa chitagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Tuscaloosa, kwawo kwa Alabama, a Auburn anasonkhanitsa zakudya ndi zovala n'kupita nazo. Za mu 2024 ku Columbus, pamene osewera a Michigan anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo la eni ake, ndewu n'kubuka mpaka apolisi kuwapopera tsabola m'maso, sindikuziyamikira ngakhale pang'ono, ndipo sukulu zonse ziwiri zinalipitsidwa madola 100,000 iliyonse.

Mwambo umene ndikanakonda titautenga wonse ndi wa Army ndi Navy, sukulu za asilikali a pamtunda ndi a panyanja, zimene zinayamba kukumana mu 1890. Masewera akatha palibe amene amathamangira kotulukira. Matimu onse awiri amapita limodzi kukaima kutsogolo kwa ophunzira a sukulu imene yagonja, nyimbo ya sukuluyo n'kuimbidwa, opambana ataima chilili mwaulemu. Akatero ndi pamene onse amawolokera mbali inayo kukaimba ya opambana. Anyamata amene amagundana mphindi zapitazo amaima phewa ndi phewa, ena misozi ili m'masaya.

Ndalama zayamba kuwononga zimenezi kwawo komweko, ndipo tiyenera kuona kuti tichenjere. Pofuna ndalama za TV, sukulu zikusiya maligi a kwawo. Mu 2024 ligi ya Pac-12 inatsala ndi sukulu ziwiri zokha pa 12. UCLA ya ku Los Angeles tsopano ili mu ligi imodzi ndi Rutgers ya ku New Jersey, kumalekezero ena a dziko. Oklahoma ndi Oklahoma State, zimene zinayamba kukumana mu 1904, zinasiya kukumana chaka ndi chaka pambuyo pa 2023. Texas ndi Texas A&M zinakhala osaonana kuyambira 2011 mpaka 2024. Kuti osewera a m'makoleji analoledwa kupeza ndalama ndi mayina awo kuyambira mu 2021, ine ndilibe nazo vuto. Mwana amene akuthyoka mawondo pamaso pa anthu 100,000 olipira pakhomo ayenera kupezapo kanthu. Chimene ndikudana nacho ndi akuluakulu a m'maofesi kugulitsa tsiku limene anthu analisunga zaka zoposa 100.

Kwa anyamata anga a basketball, dziwani kuti masewera anuwa nawonso ndi mwana wa sukulu. Anawayambitsa ndi mphunzitsi, James Naismith, mu December 1891 ku Springfield, Massachusetts, pofuna chopatsa ophunzira ake nthawi yozizira, ndipo maringi oyamba anali madengu a mapichesi. Magic Johnson ndi Larry Bird, amene anadzutsa NBA m'zaka za m'ma 1980 ndi nkhondo ya Lakers ndi Celtics, anayamba kulimbana ali ophunzira, mu fainolo ya makoleji ya 1979, Michigan State kugonjetsa Indiana State. Jordan wanu uja anadziwika ndi mpira umene anaponya kumapeto kwa fainolo ya 1982 ali pa North Carolina. Ndipo North Carolina ndi Duke, sukulu zoyandikana moti pa njinga mukhoza kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo, zimalimbana mpaka ophunzira a Duke kugona m'matenti kwa masabata kuti apeze malo pa tsikulo.

Ifenso tinali nazo, kapena ndinene kuti tinali pafupi kukhala nazo. Ndili mnyamata pa sukulu ya boding'i m'chigawo chino, panali sukulu imodzi imene tikamva kuti tikukumana nayo, sabata yonse tulo sitinkabwera. Tinkakwera lole yotsegula kumbuyo, ng'oma ili pakati, fumbi lili m'mano, tikuimba njira yonse. Kumeneko tinkapeza anthu a m'midzi yozungulira atafika kale pa njinga ndi pansi, amayi atayala nzimbe, nthochi ndi zitumbuwa, ana atakwera m'mitengo ya mango. Ahedi onse awiri ankakhala pa mipando yamatabwa yochokera mu ofesi. Mpira ukatha, kaya tapambana kaya tagonja, eni sukulu ankatilowetsa m'holo yodyera, nsima ya nyemba, ndipo ophika ankationjezera dala ife alendo. Anzanga ena amene ndimagwirizana nawo mpaka lero ndi a sukulu imeneyo.

Koma funsani kuti pa zaka zonsezo ndani anapambana kochuluka. Palibe amene angakuuzeni. Tikakumana pa maliro kapena pa ukwati, ife madala timatsutsana za chaka chakutichakuti, wina akuti zinali 2–1, wina akuti zinathera 2–2, ndipo palibe buku loti titsegule. Amene ankakumbukira bwino ambiri anapita. A Michigan ndi Ohio State angakuuzeni zigoli za chaka chilichonse kuyambira 1897. Ife mbiri yathu tinaisiya m'mitu ya anthu ndipo ikukwiriridwa nawo limodzi.

Masiku ano masewera a sukulu alipo, sindikukana, ndipo aphunzitsi a zamasewera amagwira ntchito yaikulu, nthawi zina ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma kawirikawiri ndimaona sukulu zambiri atazisonkhanitsa tsiku limodzi la m'kati mwa sabata, masewera ofupikitsidwa kuti onse athe dzuwa lisanalowe, makolo ali kuntchito ndi kumunda, tsikulo n'kumasinthidwasinthidwa. Mwana amagoletsa chigoli chabwino kwambiri pamoyo wake, bambo ake n'kudzamva patapita masiku. Ndiye tisadabwe kuti mwanayo akuloweza mayina a osewera a Golden State koma sakudziwa kaputeni wa sukulu ya tsidya la msewu. Tisadabwenso kuti ambiri matimu akuwadziwira pa timapepala ta beti, kumene timu siikhala yoikonda koma yoibetchera. Ku Kitwe ali ndi Nkana ndi Power Dynamos. Tsidya la Mwami ali ndi Bullets ndi Wanderers, ndipo ambiri kuno timamvera pa wailesi za ku Malawi. Fashion Sakala, mwana wa kuno ku Chipata, anakalawa za Rangers ndi Celtic ku Glasgow mpaka kugoletsa. Ife eni dera timangochemerera za ku Lusaka, za ku migodi ndi za kunja, pamene tili ndi Chizongwe, Chassa, St Monica's, Hillside, Anoya Zulu, Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza, sukulu zimene zatulutsa anthu ambirimbiri amene lero ali m'maofesi ndi m'mabizinesi dziko lonse lino. Anthu amenewo akanadziwa kuti Loweruka lakutilakuti chaka chilichonse sukulu yawo ikukumana ndi mnzake wakale, mabasi a ku Lusaka akanadzaza, ndipo sakanabwera chimanjamanja.

Sindikunena kuti tiyambe mpira wa zisoti. Zida zake n'zodula ndipo umavulaza mitu. Tili ndi mpira wamiyendo, wamanja wa atsikana, ndi basketball imene ana aikonda kale okha popanda wowakakamiza. Bwalo lake ndi mamita 28 m'litali ndi 15 m'lifupi, malo amene sukulu iliyonse ili nawo, ndipo atsikana ndi anyamata amasewera pa bwalo limodzi lomwelo. Amene akuganiza kuti dera losauka silingapite patali ayang'ane South Sudan. Dziko limene linapeza ufulu mu 2011, pa basketball motsogozedwa ndi Luol Deng, wosewera wakale wa NBA, amene ankalipira zambiri ndi ndalama zake, linagonja ndi pointi imodzi yokha, 101–100, kwa America ya LeBron ndi Curry ku London mu July 2024, kenako linagonjetsa Puerto Rico pa Olympics ya Paris. Kuyambira 2021 kulinso Basketball Africa League, imene inayambira ku Kigali, ndiye mwana waluso sakufunikanso kulota za America zokha.

Pempho langa kwa ahedi ndi mabungwe a ophunzira akale ndi lakuti sukulu iliyonse isankhe mnzake mmodzi, mgwirizane Loweruka limodzi la temu yachiwiri, mvula itatha, anthu atakolola ndipo mayeso asanayandikire, ndipo tsikulo lisamasunthe ngakhale ahedi atasamutsidwa. Chaka chino kwanu, chaka chamawa kwa anzanu. Atsikana asaikidwe m'mawa kulibe anthu, asewere pamene bwalo ladzaza. Pakhale chikho chimodzi chosasinthidwa, ngakhale chikhale khasu lakale lopakidwa penti, ndi buku lachikuto cholimba mu ofesi ya ahedi lolembamo zigoli ndi mayina. Woyimbira achokere ku sukulu yachitatu, ndipo aliyense wosewera aonetse kuti ndi wophunziradi wa pamenepo, chifukwa palibe chimene chimaipitsa masewera a sukulu ngati kubwereka akuluakulu a m'komboni n'kuwaveka yunifomu. Pomaliza onse aimbe nyimbo ya ogonja poyamba, kenako akadyere pamodzi.

Kwa inu a Mkonzi, za Premier League ndi NBA ana amazipeza pa foni nyuzi yanu isanatuluke. Chimene sangachipeze kwina kulikonse ndi dzina lawo. Tipatseniko ngakhale theka la tsamba: sukulu yakuti yagonjetsa yakuti, wagoletsa ndi uje wa Giredi 11, ndipo chiyambire apambana kangati mbali iliyonse. Aphunzitsi angakutumizireni zotsatira ndi zithunzi pa WhatsApp madzulo omwewo, simukusowa kutuma mtolankhani ku Lundazi. A Breeze FM ndi Radio Maria nawonso ndikuwapempha kuti akamve pempho lomweli.

Kumbali yanga, sukulu ziwiri zilizonse za m'boma la Chipata zimene zigwirizane za tsiku lotere n'kulilemba, mapolo, maringi ndi mafelemu a mabolodi a bwalo la basketball ndidzawotcherera ine osalipiritsa ntchito. Iwo adzangobweretsa mapaipi, marodi ndi penti, ndipo andiuze mwezi umodzi tsikulo lisanafike, chifukwa malaiti masiku ano sadalirika.

Ine wanu wowerenga,
Wowotcherera zitsulo
Kapata, Chipata